UDZU M'MUNDA WA CAKUDYA CA NG'OMBE

Nkhani yokambidwa kwa alimi oweta ng'ombe, yonena za clover wochedwa berseem ndi m'mene alimi a ku Egypt ndi ku India amcinjirizira ku udzu

Mlimi ali yense woweta ng'ombe aidziwa bwino miyezi ya September ndi October. Msipu wauma, thengo lapsa, mapesi a cimanga atha m'minda, ndipo ng'ombe ziyenda mtunda wautali kufunafuna cakudya. Mkaka ucepa, ana a ng'ombe aonda, ndipo pofika mvula yoyamba ng'ombe zolima zikhala zilibe mphamvu yokokera pulawo. Cifukwa cace alangizi a zaulimi amauza anthu kuti azibzala cakudya ca ziweto monga momwe abzalira cakudya ca banja. Koma alipo alimi ambiri amene aganiza kuti munda wa cakudya ca ng'ombe sulira khasu. Iwo amati, "Nanga ng'ombe sizidya udzu? Kupaliranso nkwa ciani?" Nkhani ya lero iyankha funso limeneli, ndipo yankho lace licokera kwa alimi a maiko ena amene akhala ali kulima cakudya ca ziweto kwa zaka zambirimbiri.

KODI BERSEEM N'CIANI?

Clover ndi mtundu wa zomera za banja limodzi ndi nyemba, nsawawa ndi nandolo. Tsamba lace liri ndi timasamba titatu. Mitundu yace ndi yambiri, koma umene utumikira alimi a minda yaing'ono koposa yonse ndiwo berseem, amene alimidwa kwambiri ku Egypt, m'cigwa ca mtsinje wa Nile. Kumeneko ndiye cakudya cacikulu ca ng'ombe, njati zoweta ndi abulu m'nyengo yozizira. M'caka ca 1904 mbeu yace inatengedwa kunka ku Sindh, dziko limene nthawi imeneyo linali mbali ya India koma tsopano liri m'Pakistan, ndipo kucokera kumeneko inafalikira ku Punjab ndi ku zigawo zina za kumpoto kwa India.

Berseem abzalidwa m'October kapena November, ndiyo nthawi imene kuyamba kuzizira ku maiko amenewo, ndipo akula ndi madzi othirira. Mtundu wochedwa Fahl umwetedwa kamodzi kokha. Mtundu wochedwa Miskawi uphukanso ukamwetedwa, kotero kuti mlimi amweta kanai, kasanu, ngakhale kasanu ndi kamodzi pa munda womwewo. Ubwino wace uli pawiri. Coyamba, masamba ace akauma, pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo asanu likhala cakudya comanga thupi, cimene cicurukitsa mkaka ndi kukulitsa ana a ng'ombe. Caciwiri, ku mizu yace kuli timatuza m'mene mukhala tizirombo tosaoneka ndi maso, timene titenga nayitrojeni mu mpweya ndi kumpatsa mmera. Motero munda umene munali berseem ubala bwino cimanga, mpunga kapena thonje pambuyo pace.

CIMENE UDZU UCITA

Njere ya berseem ndi yaing'ono kwambiri, ndipo mmera wace uyamba kukula pang'ono-pang'ono. Masabata 6 oyamba ndiyo nthawi ya ngozi. Udzu umene umera pamodzi naye ufulumira kutalika, numphimba kuti asaone dzuwa, numlanda madzi ndi cakudya ca m'nthaka. Mmera umene wafa pa nthawi imeneyi subweranso, ndipo pamalo pace pakhala dazi pamene udzu wina udzamera. Apa mpamene mau a akulu akale akuti m'mera mpoyamba aoneka kuona kwace.

Zoonadi ng'ombe zidya udzu, koma udzu wonse sufanana. Mtolo wa berseem wosanganizika ndi zomera za thengo ulemera cimodzi-modzi ndi mtolo woyera, koma mphamvu yace m'mimba mwa ng'ombe ndi yocepa. Zomera zina ng'ombe zizisiya m'khola, ndipo mlimi akhala atasenza katundu wacabe. Cilipo comera cina cacifupi, cochedwa swinecress, cimene cipezeka m'minda ya berseem ku India. Ng'ombe ikacidya, mkaka wace ukhala ndi pfungo loipa limene silicoka ngakhale auphike. Mkaka wotero wogula aukana.

Adani akulu a berseem ndi awiri. Woyamba ndi chicory, amene alimi a ku India amucha kasni. Iye ali ndi muzu wautali wonga wa karoti ndi maluwa obiriwira ngati thambo. Chicory sali ndi ululu ai. Ku New Zealand amambzala dala kuti adyetse nkhosa ndi ng'ombe. Kuipa kwace m'munda wa berseem ndiko kuti masamba ace otambalala apanikiza mmera, ndiponso njere zace zikhwima nthawi imodzi ndi za berseem ndi kulowa m'thumba limodzi. Mdani waciwiri ndi dodder, amene adzafotokozedwa payekha.

MBEU YOYERA NDIYO CIYAMBI

Udzu wambiri wa m'munda wa berseem ubzalidwa ndi mwini munda yemwe, osadziwa. Mlimi angathe kuona ici ndi masamu apafupi. Mu kilogalamu imodzi ya berseem muli njere zoposa 300,000. Pa hekitala imodzi alimi a ku India amafesa makilogalamu 20 kufikira 25, ndiko kuti makilogalamu 8 kufikira 10 pa ekala. Makilogalamu 25 ndi njere zoposa 7,500,000. Tsono ngati pa njere 100 ziri zonse imodzi yokha ndi ya udzu, mlimiyo wafesa njere za udzu 75,000 pa hekitala, ndiko kuti zisanu ndi ziwiri pa kamalo ka mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'mimba. Thumba looneka loyera ndi maso lingathe kudzaza munda wonse ndi thengo.

Cifukwa cace alimi ocenjera a ku India amayeretsa mbeu asanafese. Njira yao ndi yosabvuta. Asungunula kilogalamu imodzi ya mcere m'malita 10 a madzi, nathira mbeu m'menemo ndi kubvundula. Njere za berseem, pokhala zolemera, zimira pansi; za chicory ndi zina zopepuka, pamodzi ndi njere zopanda kanthu m'kati, ziyandama pamwamba. Zoyandamazo aziyengula ndi kuzitentha, osati kuzitaya padzala kumene zingamerenso. Pambuyo pace atsuka mbeu yabwinoyo kawiri kapena katatu ndi madzi abwino, pakuti mcere wotsalira uononga mmera. Ngati m'mundamo simunabzalidwepo berseem ndi kale lonse, apaka mbeuyo mankhwala okhala ndi tizirombo ta ku mizu tija, naifesa madzulo dzuwa litapepa. Kupakaku kucitika atatha kutsuka. Akayamba ndi kupaka, mcere upha tizirombo tonse.

KUKONZA MUNDA

Nchito yaciwiri ndiyo kunyenga udzu kuti umere mbeu isanabzalidwe. Mlimi alima munda, auphwanya zibuma, ausalaza bwino, kenaka authirira ngati wabzala kale. Pakapita masiku 10 kapena 14 udzu umera wambiri. Pamenepo aupalira mwapamwamba, osazamitsa khasu, cifukwa kuzamitsa kutulutsa njere zina zimene zinagona pansi. Akatero ndipo afesa. Masiku amene aoneka ngati otayikawo abwezedwa pa kumweta koyamba.

Kusalaza munda kuli ndi cifukwa cace. Pamalo pokwera madzi safika, ndipo berseem samera. Pamalo potsika madzi akhalitsa, ndipo mizu ibvunda. Malo onse awiri asanduka mudzi wa udzu. Ndiponso mlimi ayenera kufesa mbeu yokwanira. Wocepetsa mbeu pofuna kusunga ndalama asiya mipata, ndipo nthaka sikhala yopanda comera: pamene palibe berseem pamera cina. Alimi ambiri a ku Punjab amasanganiza berseem ndi oats kapena mpiru pang'ono. Mbeu zimenezi zikula msanga, ziphimba nthaka pamene berseem akali wamng'ono, ndi kuonjezera mtolo wa kumweta koyamba. Pambuyo pace berseem atenga malo onse.

Pa za feteleza, berseem afuna kwambiri fosifeti, amene alimbitsa mizu. Nayitrojeni afuna wocepa cabe poyamba, popeza pambuyo pace adzipezera yekha. Mlimi amene athira feteleza wambiri wa nayitrojeni, monga acitira ndi cimanga, adyetsa udzu, ndipo udzuwo upambana berseem. Manyowa a m'khola ndi abwino, koma akhale oola bwino, pakuti ndowe zaziwisi zinyamula njere za udzu zamoyo. Potsiriza, m'mbali mwa ngalande zothirira muyenera kumwetedwa udzu usanabale, cifukwa madzi ndiwo mseu waukulu umene njere ziyendamo kucokera m'munda wina kunka m'munda wina.

KUMWETA NDIKO KUPALIRA KWACIWIRI

Berseem wofesedwa momwaza sapaliridwa ndi khasu. Mlimi alowamo pakapita masabata atatu kapena anai, nthaka iri yonyowa, nazula ndi manja zomera zazikulu. Koma cida cace cacikulu ndico zenga. Kumweta koyamba kucitika pakapita masiku 50 kufikira 60 cibzalire, ndipo kumweta kotsatira pa masiku 25 kufikira 35 ali onse, monga mwa kuzizira kwa nyengo. Zomera zambiri za thengo zimene zikula coimirira zikadulidwa nsonga siziphukanso bwino, pamene berseem wa Miskawi aphuka nthambi zambiri kutsinde, naphimba nthaka koposa poyamba. Motero munda umene unayamba bwino uyera wokha kucokera pa kumweta kwaciwiri.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Coyamba, zenga lipite masentimita 5 kufikira 7 pamwamba pa nthaka. Womweta mopsereza adula maso amene nthambi zatsopano ziturukira, ndipo berseem acedwa kuphuka pamene udzu uli kuthamanga. Caciwiri, mlimi asacedwe kumweta kufikira udzu utabala, pakuti pamenepo njere zigwera m'munda, ndipo zina zipita kukhola ndi kubwerera m'ndowe. Atatha kumweta athirire msanga. Koma adziwe kuti zenga silipha chicory kapena zomera zina za muzu wautali. Izo ziphukanso, ndipo mankhwala ace ndiwo kuzizula ndi muzu womwe.

Pomwetsa ng'ombe cakudyaci, berseem wamuwisi wokhala ndi mame asapatsidwe kwa ng'ombe yanjala, cifukwa atupitsa mimba, ndipo ng'ombe ingathe kufa tsiku lomwelo. Ayenera kuyamba wafota pang'ono ndi kusanganizidwa ndi mapesi kapena udzu wouma.

DODDER, MBALA YA M'MUNDA

Mlimi wodziwa kaufiti sadzabvutika kumvetsa za dodder. Kaufiti aba cakudya ku mizu ya cimanga pansi pa nthaka. Dodder aba pamwamba, ku tsinde ndi kunthambi. Maonekedwe ace ali ngati ulusi wacikasu wopiringizika, wopanda masamba. Njere yace ikamera, kaulusiko kazungulira kufunafuna comera coti kagwire, ndipo kakalephera kupeza m'masiku owerengeka kafa. Kakagwira, kalowetsa timano tace m'tsinde, kayamba kuyamwa madzi ndi cakudya, ndipo kasiyana ndi nthaka. Kucokera pa comera cimodzi kayanga kunka ku cina, kufikira m'munda muoneka cigamba cacikasu conga mphasa. Berseem wa pamenepo apinimbira, ndipo sabala mbeu.

Kuopsa kwace kuli m'njere. Izo zikhala zamoyo m'nthaka zaka zoposa 10, zipyola m'mimba mwa ng'ombe zosafa, ziyenda ndi madzi, ndipo ukulu wace suli kutali ndi wa njere za clover, kotero kuti licero ndi sefa sizitha kuzicotsa zonse. Ku nyumba zazikulu zoyeretsera mbeu amagwiritsa nchito kusiyana kwa khungu: njere ya clover ndi yosalala, ya dodder ndi yokhakhala. Asanganiza mbeu ndi madzi pang'ono ndi pfumbi la citsulo, limene limamatira ku njere zokhakhala zokha, ndipo maginito azikoka. Mlimi wa kumudzi alibe makina otere. Iye apambana pa kuyendera munda wace.

Lamulo lace ndi ili. Akaona cigamba ca dodder, amwete msanga pansi peni-peni, pamodzi ndi berseem wozungulira ngakhale aoneke wabwino, dodder asanacite maluwa. Zomwetazo aike m'thumba pomwepo, osazikoka m'munda, pakuti kadutswa kamene kagwera pa comera cina kagwiranso. Aziumitse pamalo pouma ndi kuzitentha. Asapatse ng'ombe, ndipo asaponye m'dzenje la manyowa. Pamalopo aikepo cikhomo, nabwereko sabata ndi sabata. Munda umene dodder wabaliramo usabzalidwenso clover, lucerne, matimati kapena mbatata ya kacewere kwa zaka zingapo, koma cimanga, tirigu kapena mapira, popeza dodder sakhala pa mbeu za mtundu wa udzu. Ngakhale pamenepo munda upaliridwe bwino, cifukwa dodder angathe kudikira pa cisoso ndi zomera zina za masamba otambalala.

MUNDA WOTENGAMO MBEU

Mlimi wofuna mbeu ya caka camawa, kapena yogulitsa, asankha mbali ya munda yoyera koposa. Ku India ndi ku Pakistan aleka kumweta m'March kapena April, nasiya berseem kuti acite maluwa, ndipo akolola m'May kapena June, mitu itasanduka yofiirira. Nthawi imeneyi udzu uopsa koposa kale, cifukwa zenga lapuma, ndipo comera ciri conse ciri ndi mpata wakubala.

Tsono nchito ya manja ibwereranso. Atangomweta kotsiriza, mlimi azula chicory yense amene angamuone. Maluwa akayamba ayenderanso, ndipo apa nchito ipepuka, pakuti maluwa a berseem ndi oyera pamene a chicory ndi obiriwira ngati thambo, ndiponso atalika koposa. Alimi ena abzala munda wa mbeu m'mizere yotalikirana masentimita 30 kapena 40 kuti khasu lithe kulowa. Pokolola, mbali iri yonse imene munaoneka dodder isiyidwa. Popunthira pasesedwe bwino, ndipo matumba akhale oyera.

Berseem abala mbeu yambiri pamene njuci ziri pafupi, pakuti ndizo zinyamula ufa wa maluwa. Cotero ming'oma pafupi ndi munda ndi phindu, ndipo mankhwala ophera tizirombo asapoperedwe maluwa ali otseguka. Phindu la nchito yonseyi lioneka pa msika: mbeu yoyera igulidwa pa mtengo wabwino, koma yokhala ndi dodder oyesa mbeu aikana, ndipo mlimi woigulitsa mseri agawira anansi ace tsoka la zaka zambiri.

ZA MANKHWALA OPHA UDZU

Alimi ambiri lero apopera mankhwala m'malo mwa kupalira, koma m'munda wa clover ayenera kucenjera. Clover ali ndi masamba otambalala, ndipo mankhwala ambiri opha udzu wa m'cimanga amupha iyenso. A 2,4-D amupha. A atrazine akhalitsa m'nthaka, kotero kuti mbeu za banja la nyemba zobzalidwa msanga pambuyo pa cimanga copoperedwa zingathe kufa zikali zazing'ono. Ngakhale mpope wosatsukidwa bwino ungathe kuononga munda.

Alipo mankhwala osankha. M'zaka za m'ma 1950 Professor R. L. Wain wa ku Wye College, ku England, anapeza mankhwala ochedwa MCPB ndi 2,4-DB. Iwo paokha alibe mphamvu yambiri, koma akalowa m'zomera zambiri za thengo asandulika ululu. Mitundu yambiri ya clover siitha kuwasanduliza motero, ndipo ipulumuka. Koma muyeso, msinkhu wa mmera, ndi masiku amene ayenera kupita ng'ombe zisanadye, zisiyana pa mankhwala ali onse. Cifukwa cace mlimi asagule asanafunse mlangizi, ndipo awerenge zolembedwa pa botolo. Mankhwala athandiza munda wokonzedwa bwino. Sangathe kukonza munda wofesedwa mbeu yakuda.

PHUNZIRO KWA ALIMI A M'ZAMBIA

Berseem sali wofala m'Zambia muno. Iye sakonda kutentha kwa nyengo ya mvula. Nyengo yomuyenera kuno ndiyo yozizira, kuyambira April kufikira August, ndipo afuna madzi othirira kosalekeza. Mlimi wokhala ndi dimba la madzi osaphwa angathe kuyesa pa kamalo kakang'ono, atayamba wapangana ndi mlangizi. Koma malamulo amene afotokozedwa pano agwira nchito pa mbeu zonse za banja la nyemba zodyetsa ziweto, monga lucerne, kalongonda, nkhungudzu ndi nyemba. Adani a kuno ndiwo cisoso, bonongwe, khovani, dawe ndi kapinga. Dodder aliko kuno komwe, ndipo nyemba ziri ndi kaufiti wace wa maluwa acikasu, amenenso afunika kuzulidwa asanabale. Kapinga ndi dawe siziopa zenga; izo zicotsedwe munda usanabzalidwe, pa kulima m'cilimwe kuti mizu iume ndi dzuwa.

Pogula mbeu, mlimi afune thumba lokhala ndi cizindikiro cakuti inayesedwa. Nchito yoyesa mbeu m'dziko muno iri m'manja mwa Seed Control and Certification Institute ku Mount Makulu, pafupi ndi Chilanga. Mbeu yopatsidwa ndi mnansi iyambe yayalidwa pa nsalu yoyera ndi kusankhidwa bwino.

Tsono funso lija layankhidwa. Ng'ombe zidyadi udzu, koma udzu wa m'thengo ziupeza kwaulere, ndipo mlimi sataya mbeu, madzi ndi thukuta kuti alime cimene cimera cokha. Mbeu yoyera, munda wosalala ndi wopaliridwa usanabzalidwe, kufesa kokwanira, kumweta pa nthawi yace, ndi kuyendera munda sabata ndi sabata: zinthu zisanu izi ndizo zisiyanitsa khola la mkaka ndi khola la ng'ombe zoonda m'mwezi wa October.